Silinda ya okosijeni yakhala chaka, ikadali bwino?

Achemwali, mwafunsa ngati silinda imene yangokhala kuchipinda chaka chathunthu chitulukireni bambo m'chipatala ingagwirebe ntchito. Mpweyawo pawokha suwonongeka ayi, chimene chimakalamba ndi chitsulocho ndi valavu yake (potsegulira ndi kutsekera mpweya). Yang'anani paphewa pa silindapo, pali deti yodinda yosonyeza pamene anaiyeza komaliza, zambiri zimayezedwanso pakatha zaka 5 zina 10, ikapitirira musakaidzadzitse isanayezedwe. Makampani ena amamatanso kapepala ka deti yothera, iyonso muitsatire.

Koma ine chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi kuphwa pang'onopang'ono. Ya mayi anga tinkangoti ndi yodzadza, usiku womwe anabanika titatsegula tinapeza kamuvi ka geji (kawotchi kosonyeza mpweya wotsala) kali pafupi ndi pofiira, manja anga ankanjenjemera. Ndiye tsegulani muone geji lero lomwe. Dziwaninso kuti silinda yonyamulika ya saizi E ikadzadza imakhala ndi malita pafupifupi 680, pa malita 2 pa mphindi sifika ngakhale maola 6.

Isungeni pozizira poti singagwe, kutali ndi mbaula, kandulo ndi osuta fodya, ndipo chonde manja a Vaseline asakhudze valavu, mafuta ndi okosijeni zimayaka moto. Mlingo wowapatsa bambo afunseni adokotala kaye.