Yambani ndi Zamyatin, Orwell abwere pambuyo

Achemwali, mwafunsa za buku la nkhani zopeka za sayansi loonetsa kuti boma lankhanza, ngakhale lioneke lolimba chotani, limakhala ndi mng'alu, ndipo ena akulozerani kale 1984 la George Orwell. Ine ndikupemphani kuti limenelo muliike kaye pambali, chifukwa mwininkhani wake, Winston Smith, amathera pogonja ndi kukonda Big Brother, mtsogoleri wa bomalo, moti mng'alu umene mukufunawo suoneka msanga.

Yambani ndi We, limene Yevgeny Zamyatin wa ku Russia analemba mu 1920 ndi 1921. Linatuluka koyamba m'Chingerezi ku New York mu 1924, pamene kwawo analiletsa mpaka 1988. M'dziko la m'bukuli anthu alibe maina koma manambala, amagona m'nyumba zagalasi kuti akazitape aziwaona, ndipo ngakhale chakudya ali ndi lamulo loti azitafuna maulendo 50 asanameze. Chimene chimandigwira mtima ndi chakuti woyamba kugwedezeka si mlendo kapena wosauka, koma D-503, katswiri wa masamu amene boma linamupatsa ntchito yomanga chombo chopita mumlengalenga chotchedwa Integral. Munthuyu akungoyamba kulota usiku, ndipo atapita kwa dokotala akuuzidwa kuti wamera mzimu, nthenda yopanda mankhwala. Tsiku la chisankho, limene chaka chilichonse anthu onse amakweza manja kuvomereza mtsogoleri yemweyo, anthu ambirimbiri akukweza manja okana. Poyankha, akuluakulu akulamula kuti nzika zonse zichitidwe opaleshoni ya ubongo yochotsa kuganiza zinthu zatsopano, ndipo apa mpamene wowerenga amazindikira kuti amene ali ndi mantha kwambiri ndi olamulawo. D-503 amachitidwadi opaleshoniyo, koma khoma lozungulira mzinda limakhala litaphulitsidwa kale, mbalame zikuuluka m'misewu.

Mukatero mutenge The Handmaid's Tale la Margaret Atwood, la 1985, koma musadumphe masamba omaliza monga amachitira ambiri. Pamenepo akatswiri a mbiri ali pamsonkhano m'chaka cha 2195, akukambirana za Gilead, boma lankhanza la m'bukulo, ngati chinthu chimene chinatha kalekale, mpaka kumaseka. Buku lotsatira, The Testaments la 2019, limafotokoza mmene Aunt Lydia, mzati weniweni wa bomalo, ankasungira mobisa zolakwa za akuluakulu anzake mpaka zinakafika ku Canada. Kunena zoona, lachiwirili ndimaliona lopepukirapo, poti limamasula zonse.

Mukadzabwerera kwa Orwell, mudzawerenge mosamala nkhani yowonjezera kumapeto yofotokoza Newspeak, chinenero chimene boma la m'bukulo linapanga. Inalembedwa m'Chingerezi wamba, ndipo imanena za chinenerocho ngati cha kale, ngati kuti bomalo linagwa.