Ndimalipira kale ground rent, nanga bilu ya khonsoloyi ndi yachiyani?

Mayi ena a m'tauni ya Mangochi andilembera imelo. Akuti anamanga nyumba ya lendi pa puloti ya lizi, ndipo chaka chilichonse amalipira ground rent ku Lands, koma tsopano khonsolo yawabweretsera bilu ya mareti. Afunsa kuti: "Kodi uku si kulipira kawiri? Zinyalala ndimataya m'dzenje kuseri kwa nyumba, madzi ndimalipira ku Water Board, magetsi ndimagula mayunitsi. Khonsolo ikufunanso ndalama yanji?"

Mayi, simukulipira kawiri ayi. Ground rent ndi lendi ya nthaka imene munabwereka ku boma pa lizi, ndipo imapita kwa mwini nthakayo. Mareti ndi msonkho wa khonsolo, umene lamulo la maboma aang'ono la 1998 limailola kutolera kwa eni malo ndi nyumba m'dera lake. Wolipira ndi mwini nyumba, osati walendi. Nyumba zopempherera ndi manda sizili m'gulu lolipira.

Chiwerengero chili pabiluyo sachilota. Akatswiri oyesa mtengo wa malo amayendera tauni, n'kulemba m'kaundula mtengo wa puloti iliyonse ndi zomangidwapo. Lamulo limati kaundulayu azikonzedwanso zaka 5 zilizonse. Kenako makhansala akamavomereza bajeti amagwirizana gawo loti aliyense alipire pa mtengo wa malo ake. N'chifukwa chake sitolo ya pamsewu waukulu singalipire mofanana ndi nyumba ya zipinda ziwiri. Ngati mukuona kuti nyumba yanu anaikweza mtengo mopitirira, pitani mukaone zimene analemba m'kaundula ndipo mukadandaule molemba kalata. Kungokhala chete osalipira n'koopsa, chifukwa ngongoleyo imakula, ndipo ikakhalitsa khonsolo ili ndi mphamvu yopita kukhoti mpaka kugulitsa malowo.

Tsopano funso lanu lenileni, loti ndalamayo imagwira ntchito yanji. Pamadzi ndi magetsi mwanena zoona: amenewo ndi a Southern Region Water Board ndi ESCOM. Msewu wa M3 ndi mlatho wa Bakili Muluzi nazonso ndi za boma lalikulu kudzera ku Roads Authority. Koma mukangokhota kulowa m'misewu ya m'makwalala, mwalowa m'manja mwa khonsolo. Ngalande, magetsi a m'misewu, kusesa ndi kuchotsa zinyalala pamsika ndi padepoti, zimbudzi za aliyense, kuyendera malo ogulitsa zakudya, malipiro a anthu ogwira ntchitozi, dizilo wa galimoto yonyamula zinyalala, zonsezo zimadalira kwambiri ndalama imene khonsolo yatolera yokha: mareti, ziphaso za mabizinesi, ndi tikiti imene mayi wogulitsa usipa amadula m'mawa asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Boma limatumizanso ndalama kudzera ku National Local Government Finance Committee, koma zambiri mwa izo zimabwera zitalembedwa kale ntchito yake.

Dzenje lanu lakuseri ndi labwino, koma silikutetezani ku zinyalala za tauni yonse. Mangochi ndi malo athyathyathya, otentha, m'mbali mwa Shire. Taonani ngalande imodzi mu Januwale: majumbo, zigubu za pulasitiki, mchenga ndi mamba a nsomba zatseka pakamwa pa kalavati, madzi akuda abwerera m'mbuyo, ndipo ana opita kusukulu akuvula nsapato kuti awoloke. Madzi amenewo safunsa kuti bwalo ili ndi la ndani. Kolera wa 2022 ndi 2023 anatilanda abale ambiri m'boma lino, ndipo ine ndikamva munthu akunena kuti ukhondo wa pamsika sukumukhudza, mtima umandiwawa. Alendi anu amagula ndiwo pamsika womwewo.

Sindikunena kuti muzingolipira mwakachetechete. Msonkho umene MRA imatolera umapita kuthumba la dziko lonse, ndipo kuulondola n'kovuta. Mareti amatsala pompano, ndipo anthu owagwiritsa ntchito mumakumana nawo pamaliro ndi paukwati. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, ndiye panalibe munthu wosankhidwa woti tikamufunse. Lero alipo. Khansala wa wodi yanu ali ndi udindo wokuuzani kuti khonsolo inatolera zingati ndipo inachita nazo chiyani. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga m'maofesi a boma linayambanso kugwira ntchito mu 2020, choncho mukhoza kupempha bajeti ya khonsolo polemba kalata, ndipo si mwano.

Mukamapita kukalipira, tengani biluyo ndi mapepala a puloti, muonetsetse kuti dzina ndi nambala ya puloti n'zolondola. Ngati ndalama yakuchulukirani, funsani ku ofesi ya zachuma ngati mungamalipire pang'onopang'ono. Lipirani pakauntala kapena kubanki, osapatsa munthu m'manja pamsewu, ndipo risiti ya khonsolo muisunge pamodzi ndi ya ground rent. Chaka cha chuma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye ngati mukufuna kuti ngalande ya kwanu ilowe m'bajeti, khansala mumuone miyezi ingapo tsikulo lisanafike, ndipo mupite ndi anansi anu.