Amayi, mwana wanu sakudya ndalama, akuthawa mdima

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Senga Bay. Dzina sinditchula. Mwana wawo wamkazi anapita ku Glasgow, mzinda wa ku Scotland, mu September kukachita maphunziro a masters, ndipo chiyambire October akungoponya zithunzi pa Facebook: lero ali pakati pa mitengo ya masamba achikasu, mawa ali m'mbali mwa nyanja atavala chijasi. Funso lawo ndi ili: "Kodi mwanayu anapitira sukulu kapena kukayendayenda? Ndikamuuza za fizi ya mng'ono wake amati ndalama alibe. Nanga maulendowa akulipira ndi chiyani? Inu munakhalako kumeneko, tandiuzeni zoona."

Amayi, zikomo pondikhulupirira. Ndinakhala ku Glasgow komweko zaka ziwiri ndisanabwerere kuno ku Nkhotakota. M'thumba mwa mwana wanu sindinapisemo dzanja, koma zithunzi ngati zimenezo nanenso ndinajambulitsa zambiri, ndipo ndikudziwa mtengo wake.

Nyengo imene mukuiona pa zithunzipo azungu amaitcha autumn, ndipo imayamba September mpaka November. Inu ku Salima mukugona pamphasa pakhonde chifukwa cha kutentha, mango akuyamba kupsa, pomwe iye kumeneko kukuyamba kuzizira. Mukadutsa m'nkhalango ya Nkhotakota mu September mumaona mitengo ya mombo itafiira psu, koma amenewo ndi masamba anthete, ongophuka kumene. Kwa anzathuwa n'zosemphana. Masamba amafiira pofuna kufa. Dzuwa likayamba kuchepa mtengo umasiya kupanga zobiriwira zija, tsamba limasanduka lachikasu kapena lofiira, kenako n'kuthothoka. Pakangotha masabata ochepa mitengo imatsala mbulanda mpaka chaka chamawa.

Ndiye chimene chimabwera pambuyo pake n'chimene sichioneka pa Facebook. Lamulungu lomaliza la October amabweza mawotchi m'mbuyo ndi ola limodzi, moti kusiyana kwa nthawi pakati pa inu ndi iye kumachoka pa ola limodzi kufika maola awiri. Kuyambira pamenepo 5 koloko isanakwane kunja kwada kale. Pofika December dzuwa limatuluka cha m'ma 8:45 m'mawa n'kulowa 4 koloko isanakwane, ndipo ndikati dzuwa ndikungolilemekeza, chifukwa masiku ambiri kumakhala mitambo ndi kamvula kowaza ngati chiperoni chosatha. Ife ana a kunyanja, amene tinazolowera kuona dzuwa likutuluka m'madzi asodzi akubwera ndi usipa, mdima umenewu umatilowa mpaka m'mafupa. Chaka changa choyamba ndinkagona maola ambiri koma n'kudzuka wotopa, chakudya osachifuna, foni ya kumudzi ikalira osafuna kuyankha. Ndinkaganiza kuti ndi malungo. Achipatala kumeneko amalangiza anthu kumwa vitamini D, mamaikilogalamu 10 pa tsiku m'miyezi ya mdimayi, ndipo ife a khungu lakuda amati tizimwa chaka chonse. Koma mankhwala amene anandithandiza kwenikweni anali mnzanga wa ku Zambia, amene Loweruka lililonse ankagogoda pachitseko n'kunena kuti valani nsapato, m'nyumba muno simukhalamo.

Za mtengo wake tsopano. Ku Scotland kuli lamulo la mu 2003 lolola munthu kuyenda m'mapiri, m'nkhalango ndi m'mbali mwa nyanja pafupifupi paliponse, bola asaononge kanthu. Palibe woimirira pachipata kufuna ndalama. Mapaki a mumzinda ndi aulere. Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Kelvingrove, yomwe ili pafupi ndi University of Glasgow, salipiritsa polowa, ndipo ndivomere kuti masiku ena ndinkapitako osati chifukwa chokonda zithunzi, koma chifukwa m'katimo ndi mofunda ndipo gasi wake sindinkalipira ine. Nyanja imene mwaiona ndikukhulupirira kuti ndi Loch Lomond. Umakwera sitima pa Queen Street n'kukatsikira ku Balloch ola lisanathe, chakudya utanyamula chako m'chikwama. Eni ake amainyadira kwambiri nyanjayo, koma kutalika kwake sikufika makilomita 40. Ine wochokera ku nyanja ya makilomita oposa 500 ndinangoti ndi yokongola ndithu, n'kusunga zinazo mumtima. Chijasi chijanso musachiope. Kumeneko kulinso kaunjika, kungoti amagulitsira m'mashopu a mabungwe othandiza osauka, ndipo zovala amazipachika bwinobwino.

Ulendo umodzi wokha ndikanakonda mumulimbikitse ngati sanapiteko: ku Blantyre. Inde, Blantyre weniweni, kumene mzinda wathu unatengako dzina, kamtunda kochepa pa sitima kuchokera ku Glasgow Central. Kumeneko, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndi kumene David Livingstone anabadwira mu 1813, m'nyumba ya chipinda chimodzi ya anthu ogwira ntchito pa fakitale ya thonje. Ine amene ndinakula ndikudutsa pa mtengo uja pano pa boma, pamene akuti Livingstone anakumana ndi Jumbe kukambirana zothetsa malonda a akapolo, nditaima m'kachipinda kameneko ndinamva ngati dziko lafupika.

Za fizi ya mng'ono wake, mawu ake akumveka oona kwa ine. Viza ya wophunzira imalola kugwira ntchito maola 20 okha pa sabata sukulu ikakhala yotsegula, ndipo ukapyola ukhoza kuthamangitsidwa. Ine ndinkatsuka mbale, ndipo lendi ya chipinda chimodzi inkadya zoposa theka la malipiro anga. Zotsalazo ndi za basi, gasi ndi chakudya. Ufa umapezeka m'mashopu a anthu a ku Africa ndi amwenye, koma nsima imasanduka chakudya cha Lamulungu, ndipo kondowole ndinangomuiwala. Mapaundi amaoneka ambiri ukawasintha m'mutu kukhala makwacha uli ku Kamuzu Road. Ukakhala nawo ku Glasgow amatha ngati mchere m'madzi.

Sindikuti mutseke maso. Mukadzaona zithunzi za ku Paris, za m'ndege ndi m'mahotela mwezi ndi mwezi, pamenepo mufunseni ndithu, ndinu make. Koma masamba ndi chijasi ayi. Ine ndikanada nkhawa kwambiri zithunzizo zikanasiya kubwera.

Mukamuimbira Lamulungu likudzali, nkhani ya fizi muyambe mwaisunga kaye. Mufunseni amene anamujambula pa nyanja paja, ngati ndi mnzake woti angamugogodere pachitseko akadwala. Mufunsenso ngati vitamini D uja anagula. Ndipo mukamva za munthu amene akupita kumeneko December isanafike, mupatsireni ka usipa kouma bwino ndi mpunga wa faya. Nyama yokha musaike, pabwalo la ndege amalanda.