Boyizikota pa Airbnb, kodi pafunikanso mapepala?

Mayi wina anditumizira imelo sabata yathayi, akuti ali ndi boyizikota ku Area 47 mu Lilongwe yangokhala chikhalire chichokereni mwana wawo, ndiye akufuna aziikamo alendo a masiku awiri atatu kudzera pa Airbnb, tsamba la pa intaneti lopezerapo malo ogona, makamaka obwera kumisonkhano ku Bingu International Convention Centre (BICC). Funso lawo ndi loti kodi kachipinda kamodzi kameneka nakonso kafuna laisensi ngati loji?

Mayi, eya, mapepala alipo. Airbnb sikupatsani chilolezo cha mtundu uliwonse, iwo amangokupezerani kasitomala basi, za malamulo ndi zanu.

Koma musanathamangire ku khonsolo, tayambani mwatulutsa lizi ya nyumbayo mu sutikesi muja muiwerenge bwinobwino. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Puloti ngati inaperekedwa kuti ndi yokhalapo anthu, kuyambapo bizinesi yogoneka alendo ndi kusintha ntchito ya malo, ndipo zimenezo amavomereza ndi a mapulani ku Lilongwe City Council, osati mwini wake yekha. Nyumba ikakhala ya lendi ndiye nkhani inanso, landilodi avomere polemba, zapakamwa zija amadzakana tsiku lomwe alendo anu adzaphulitse giza. Nyumba ya bungwe la boma la Malawi Housing Corporation ndiye osayerekeza n'komwe kubwereketsa mwakachetechete, mutha kuluza nyumba chifukwa cha mlendo wa usiku umodzi.

Zikakhala bwino apo, lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, tengani TPIN, nambala yolipirira msonkho, ku MRA poti ndalama imeneyi imadulidwa msonkho, kenako laisensi ya bizinesi kukhonsolo. Malo ogona alendo amafunanso chiphaso cha a zokopa alendo, amabwera kudzayendera, ndiye asakupezeni opanda chozimitsira moto kapena bafa ikudontha. Ma siti reti, msonkho wa malo wa kukhonsolo, nawonso akhale olipira, simungakapemphe pepala kwa munthu yemwe muli naye ngongole.

Anthu ena akuuzani kuti aaa tonse tikupanga popanda zimenezo. N'zoona, ambiri akupangadi, mpaka tsiku lomwe aneba adzatope ndi magalimoto achilendo otseka geti yawo ndi nyimbo za 2 koloko usiku, n'kukanena. Ine ndikanakhala inu ndikanayamba ndalowa kwa aneba a mbali zonse ziwiri kukawafotokozera, n'kuwasiyira nambala yanga.

Komanso gulani buku lolembamo alendo, dzina ndi nambala ya chitupa cha unzika kapena pasipoti, ngakhale munthuyo walipira kale. Ndipo mayunitsi a ESCOM muwawerengere mu mtengo, alendo sazimitsa giza.