Babu la nyali yakutsogolo lapsa: loyenera mulidziwa bwanji?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo iyi: "Nyali yakumanzere ya galimoto yanga yasiya kuyaka pa dimu, koma pa fulu ikuyaka bwinobwino. Ndinatchula dzina la galimoto kwa wogulitsa, anandipatsa babu, koma likukana kulowa. Tsopano akuti ndingoikamo la 100W kapena la LED. Nditani?"

Akulu, dzina la galimoto palokha silikwanira. Galimoto za dzina limodzi zimakhala ndi nyali zosiyana malinga ndi chaka chomwe zinapangidwa komanso dziko lomwe anazipangira. Amene angakuuzeni zoona ndi babu lapsalo. Zimitsani injini ndi magetsi, dikirani lizizire, tsegulani boneti, mulitulutse. Patsinde pake mupeza zilembo monga H4 kapena H7, pamodzi ndi 12V ndi 55W. Pitani nalo kogula, kapena jambulani zilembozo ndi foni. Ngati buku la galimoto lilipo, nambalayo ilimonso.

Mwati fulu ikuyaka, dimu ayi. Zimenezi zimachitika kwambiri ndi H4. Babu limeneli lili ndi timawaya tiwiri mkati, ka fulu ka 60W ndi ka dimu ka 55W, ndipo kumbuyo lili ndi miyendo itatu. Ka dimu ndi kamene kamagwira ntchito usiku wonse, n'chifukwa chake kamayamba kuduka. Mukaona paketi yolembedwa 9003 kapena HB2, ndi la banja lomwelo. Koma n'kuthekanso kuti galimoto yanu ili ndi mababu awiri mbali iliyonse, la dimu palokha, la fulu palokha. Pamenepo mungapeze H7 wa miyendo iwiri, H1 wa mwendo umodzi, kapena H11, HB3 ndi HB4 okhala ndi tsinde lapulasitiki lopindika, olowa mopotokola. HB3 ndi HB4 amafanana zedi, ndipo ambiri amasokonezeka pomwepo, koma mano ake ndi osiyana. Babu likakana kulowa musalikakamize, musapale mano ake. Si lakelo.

Onaninso mavoti, nambala yothera ndi V ija. Mababu a malole ambiri ndi a 24V, ndipo mu galimoto ya 12V amangoti phethephethe.

Mukapeza D2S kapena D4S, imani kaye. Amenewo ndi a xenon, mababu opanda kawaya amene amawala ndi mpweya wa mkati mwake, ndipo poyatsa amalandira mphamvu yopitirira mavoti 20,000. Awiriwa sasinthanitsidwa, ndipo ntchito yake ndi bwino kuisiyira wodziwa zamagetsi a galimoto.

Za 100W zo, ine ndikukana. Mawaya, soketi ndi fyuzi anaziyezera babu la 55W. Lamphamvu kwambiri limatenthetsa, soketi n'kusungunuka, ndipo kumbuyo kwa nyali kumene kumabweza kuwala kumada. Mudzagula nyali yonse chifukwa cha babu limodzi.

Nkhani ya LED imandikhudza kwambiri chifukwa wovutika ndi munthu wina. Nyali ya halojeni, ndiko kuti ya mababu a kawaya monga H4 ndi H7, anaipanga kuti kuwala kuzichokera pa kawaya kakang'ono kamene kali pamalo amodzi enieni. Mababu ambiri a LED amawalira pena, ndiye kuwala kumamwazika m'mwamba. Inu mumaona zikwangwani zikung'anima n'kumati zatheka, pamene mnzanu wochokera kutsogolo mwamuthobwa m'maso, sakuonanso woyenda pansi kapena wanjinga m'mbali mwa msewu. M'mayiko ena kuika LED mu nyali yotere n'koletsedwa.

Gulani awiri a nambala yomweyo, musinthe mbali zonse, popeza linzakelo nalonso latopa. Galasi lake musaligwire ndi zala. Mafuta a pakhungu amachititsa kuti malowo atenthe mopitirira, babu n'kufa msanga. Gwirani patsinde, likhazikike bwino, mubwezeretse chivindikiro cha labala kuti madzi asalowe. Kukada, imikani galimoto moyang'ana khoma muone ngati kuwala kwa nyali ziwirizo kukulekezera pamzere umodzi. Latsopanolo likapanda kuyaka, yang'anani fyuzi, kenako soketi ngati yapserera.