Makontilakitala asiya kugula njerwa zanga, nditani?

Funso: Ndimaumba ndi kuwotcha njerwa kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Makontilakitala amene ankandigula akuti lamulo silikuwalolanso. Kodi ndigule makina a mabuloko, kapena ndidikire kuti nkhaniyi izizire?

Yankho: Bambo, musadikire. Malamulo a 2018, amene anadza kudzera ku NCIC, bungwe la boma loona za ntchito zomangamanga, amaletsa njerwa zowotcha pa zomanga za boma, za mabungwe ndi za malonda, chifukwa uvuni uliwonse umadya mitengo. Kontilakitala sangaike chiphaso chake pachiswe chifukwa cha ubale wanu. Omanga nyumba zawozawo akugulabe njerwa, choncho musathamangire kutseka uvuni, koma maoda akuluakulu aja anapita ku mabuloko.

Ambiri amadandaula kuti lamuloli linapha ntchito. Ine ndimati werengani za chaka chonse. Njerwa mumaumba m'chilimwe basi; mvula ikangogwa, zosawotcha zija zimasanduka phala, ndipo mu uvuni zina zimatuluka zosapsa, zina zophwanyika. Mabuloko mukhoza kuumba ngakhale mu Januwale, bola pakhale shedi ndi madzi. Anyamata omwewo amagwira miyezi yonse, ndalama n'kumalowa mosadukiza.

Vuto lili pa simenti. Dothi munkakumba pafupi, pamene simenti ndi ya kashi, ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, amene analonjeza mitengo ya miyezi itatu analira. Mtengo wanu uzikhala wa masiku ochepa, ndipo kasitomala azipereka dipoziti yogulira simenti. Kaya ndi simenti ya Shayona, Portland kapena Njereza, funsani mtengo wa matumba ambiri musanasankhe.

Ngongole ya makina a magetsi isiyeni kaye, makamaka ndi kuthimathima kwa magetsi kuno. Yambani ndi chikombole chachitsulo cha pamanja, muone ngati msika ulipo. Musafinyenso thumba limodzi kuti libale mabuloko ochuluka: buloko yonyenyeka m'mphepete injiniya amaikana, galimoto yonse n'kubwerera. Muzithirira madzi sabata yoyamba, ndipo dziwani kuti simenti imafika pa mphamvu yake yeniyeni pakatha masiku 28. Ndiye kuti mpamba wanu uyenera kukwanira mwezi wathunthu wa malipiro, mchenga ndi simenti musanagulitse buloko yoyamba.