Alamu, yambani mwasankha msomali, mfuti ibwere pambuyo

Alamu, mwaswera bwanji ku Leeds? Ndaona funso lanu pagulu pano. Mwati mwagula matabwa a cedar olowetsana aja, a tongue and groove, mbali ina lilime, ina kangalande kolowamo lilimelo, okhuthala 19 mm, m'lifupi 14 cm, oti mukutire kunja kwa kanyumba ka kuseri, ndiye mukufunsa ngati mfuti yanu yokhomera misomali ya 18 gauge ingakhomere. Ndangojambula mawu chifukwa polemba zitalika.

Imeneyo ayi, isiyeni m'bokosi. Timisomali take ndi toonda, 1.2 mm basi, tosalala, mutu waung'ono kwambiri. Thabwa la panja limafufuma mvula ikagwa, dzuwa likawomba n'kubwerera, chaka chonse likungoyenda choncho, ndiye pang'onopang'ono limadzizula pa timisomali totero. Koma musathamangire kogula mfuti ina. Yambani mwadziwa msomali, kenako mufune mfuti yolandira msomali umenewo.

Cedar amene amagulitsa kumenekoyo ndi western red cedar, wambiri amachokera ku British Columbia ku Canada. Si mkungudza wathu wa ku Mulanje, ndi mtengo wina, kungoti onse ndi onunkhira ndipo sawola msanga. M'thabwa limenelo muli mankhwala achilengedwe amene sagwirizana ndi chitsulo wamba. Pakangofika chinyezi, pa msomali uliwonse pamatsika mzere wakuda ngati misozi, khoma lonse, ndipo msomaliwo umadyeka. Ndiye gulani misomali ya stainless, chitsulo chosachita dzimbiri. Pabokosi pakhale palembedwa A2 kapena 304. Mukanakhala m'mphepete mwa nyanja yamchere bwenzi ndikunena A4, yomwe ndi 316, koma ku Leeds A2 yakwana. Ya galvanised ilipo mitundu iwiri. Yoviika m'zinki wotentha, hot-dip, ena amailola, makamaka ngati khomalo mulipenta. Yonyezimira yotchipa ija, electro-galvanised, zinki wake ndi wopyapyala, amakalika m'mfuti momwemo. Ya kopa nayonso ayi. Chinanso, mabateni, mitengo yokhomerapo matabwawo, ogula kumeneko amakhala onyika m'mankhwala okhala ndi kopa, obiriwira aja, ndipo mankhwalawo amadya galvanised msanga. Ine ndingoti stainless, nkhani yatha.

Thupi la msomali likhale la mizere yozungulira, amati ring shank kapena annular. Mizereyo imaluma mtengo, sutuluka. Ukhale woonda, cha m'ma 2.3 mm, nsonga yobuntha pang'ono, chifukwa yosongoka kwambiri imang'alula thabwa. Kutalika 50 mm. Masamu ake ndi awa: 19 mm ikuthera m'thabwa, pafupifupi 30 mm ilowe m'bateni. Choncho mabateni akhale a 38 mm. Mukaika a 25 mm, msomali ukaboola pepala lotchinga madzi lili kumbuyolo.

Tsopano mfuti. Yoyenera ndi coil siding nailer, kumeneko ena amati cladding nailer, ya misomali yokulunga m'kagubu kozungulira, 15 degree. Imayendera kompuresa, ndipo zambiri zimalandira misomali mpaka 65 mm, monga Makita AN613. Kanyumba kamodzi sikogulira mfuti, kabwerekeni kumene amabwereketsa zida, masiku awiri mwamaliza. Ya first fix, yokhomera mitengo ya denga ija, misomali yake ndi 2.8 mm kupita m'mwamba, lilime la thabwa ingoliphwanya. Ya second fix, 15 kapena 16 gauge, ndi yabwino pa siling'i ya khonde kapena kunsi kwa denga kumene mvula sikufika, bola misomali ikhale ya stainless. Pakhoma lowombedwa ndi mvula, sindingaidalire, misomali yake ndi yosalala.

Pogula ma coil yang'anani chimene chalumikiza misomaliyo. Ina amalumikiza ndi waya, ina ndi pulasitiki. Tengani ya pulasitiki. Wayayo akakhala wa chitsulo wamba, tizidutswa take timatsalira pansi pa mutu wa msomali n'kuchita dzimbiri, inu n'kumadabwa kuti ndinagula stainless, zakudazi zachokera kuti. Pachifukwa chomwecho musadule zitsulo ndi girayinda pafupi ndi matabwawo, fumbi lake limadetsa. Zikachitika, mankhwala otchedwa oxalic acid amachotsa.

Cedar ndi wofewa kwambiri, apa ndi pamene ambiri amawonongera. Mfuti zimenezi zimayenda ndi mphamvu ya mpweya ya pakati pa 70 ndi 120 psi. Yambirani cha pa 80, muyese pa chidutswa chotsala chokhomera pa bateni, n'kumasintha ndi kagudumu ka pamphuno ya mfutiyo mpaka mutu uzikhala ndendende ndi thabwa. Ukamira, wadula ulusi wa mtengo, sukugwiranso, komanso wasiya kadzenje kosunga madzi. Bola utsalire pang'ono mumalize ndi hamala ndi panchi. Ikani kamphira ka pamphuno kaja kuti isadinde thabwa, ndipo muitchere kuti iziwomba umodziumodzi, osati yongogunda n'kuwomba. Magalasi a m'maso musaiwale.

Kukhoma kwake, ngati matabwa akugona chopingasa, yambirani pansi, lilime m'mwamba, kangalande pansi, kuti madzi asakhalemo. Thabwa loyamba litalikire nthaka 20 cm. Popeza anuwo sanapitirire 15 cm m'lifupi, mutha kubisa misomali: umodzi pa bateni lililonse, pakona pamene lilime likuyambira, mopendeka 45 degree kuloza mkati ndi pansi. Osati pansonga ya lilime, lithyoka. Mutu ukhale bwino pakonapo, apo ayi thabwa lotsatira likana kulowa, ndipo musalikakamize ndi hamala, gogodani kudzera pa chidutswa chokhala ndi kangalande. Akanakhala aakulu kuposa 15 cm, bwenzi mukukhoma pamaso, iwiriiwiri pa bateni, chifukwa umodzi wa pa lilime sungaletse thabwa lalikulu kupindika. Loyamba ndi lomaliza mukhoma pamaso ndithu. Kumapeto kwa thabwa msomali utalikire nsonga 2 cm, mubooleretu ndi dirilo, mukhome pamanja.

Mabateni aimirire, asatalikirane kupitirira 60 cm, ndipo pansi ndi pamwamba pakhale potseguka kuti mpweya uzidutsa kumbuyo, mungoikapo kasefa kotchinga tizilombo. Matabwa muwasanje panja pamthunzi, potchinga mvula, timitengo pakati, kwa sabata kapena masiku 10 asanakhomedwe. Pakani mafuta mbali zonse, ndi podula pomwe, chifukwa kumapetoko ndi kumene kumamwa madzi. Polowetsana musathinitse, siyani pafupifupi 2 mm mkatimo kuti likafufuma lipeze kopita.

Kuchuluka kwa misomali, thabwa lanulo likalowetsana limakuta pafupifupi 13 cm. Mabateni akakhala pa 60 cm, ndi misomali 13 pa sikweya mita, pa 40 cm ndi 19 kapena 20. Yezani makoma, muchulukitse, muwonjezere ya m'makona, pamazenera ndi yowonongeka. Mukafika kushopu, jambulani bokosilo mutumize pano musanalipire, ndione chimene alemba.